Mkamwini Likongwe ndi Njerwa za Chipale

Padangotero. Inu vomerani kuti tili tonse, chifukwa nkhani iyi ndikamaikamba ndekha imandipsetsa mtima.

Padali Likongwe, kanyama kowonda ka mchira wautali kaja. Iyeyu adakwatira Gwape n'kukakhala chikamwini kwawo kwa mkaziyo. Mwinimbumba pamudzipo adali a Njiri, amalume ake a Gwape. Musandifunse kuti njiri ikhala bwanji malume wa gwape, m'nthano ubale sitifufuza. A Njiri adali mmisiri wa njerwa wotchuka dera lonse, ndipo choipa chake n'chakuti eni akewo ankadziwa kuti ndi otchuka.

Chaka china madzi adasefukira n'kukokolola mudzi wonse. Mbumba ya a Njiri idathawira pamwamba pa phiri lalitali, kumene kudalibe mtengo wa phaso kapena udzu wofolera. Munthu aliyense adanyamula chimene adatha. A Njiri adanyamula chikombole chawo choumbira njerwa. A Nungu, amene adali azamba a pamudzipo, adasenza mtolo umodzi wa nkhuni. Gwape sadanyamule kanthu poti adali ndi pakati, masiku ake atatsala pang'ono.

Atafika kumeneko nyengo yachisanu idawapeza, ndipo kudagwa chinthu chimene sadachionepo, choyera ndi chofewa ngati ufa koma chozizira koopsa. Ndicho chipale chofewa chija mumamva. Chidakwirira dothi lonse mpaka m'mawondo. Nyamazo zinkangounjikana kuseri kwa mwala, mano ali gwagwagwa.

Mphepo italekeza, a Nungu adasonkhanitsa onse n'kunena kuti, "Mawondo angawa sanama. Mwera ubweranso pakapita masiku atatu, ndipo ubwera wokwiya. Mwana wa Gwape nayenso ali panjira. Akabadwira pamtetete pano, sagona tsiku."

A Njiri adatembenukira kwa Likongwe. "Mwamva, akamwini? Nyumba."

"Ndamva, apongozi. Koma ndimange ndi chiyani?"

"Mimba mudafunsa kuti muipereke ndi chiyani?"

Tsono Likongwe, tinene zoona, ntchito sankaikonda. Adanyamuka ngati akukafuna mitengo, koma atangobisika adakumba dzenje m'chipale muja kuti agonemo pang'ono osaonedwa. Podzuka adadabwa. Thupi lonse lidali lofunda, mpaka mchira umene udauma masiku awiri udayamba kugwedezeka. Adatulutsa mutu kunja, kuzizira kudamuluma mphuno. Adaubweza m'kati, kufunda. Adatero katatu, kenaka adathamangira kwa mkazi wake.

"Akazanga, chimene chikutipha si chipalechi ayi, ndi mphepo. Chipale chikakuzinga chimafunditsa. Tikachiumba njerwa n'kumanga nazo, mwana wathu wapulumuka."

"Ndiye kawauzeni amalume msanga."

"Ine? Mkamwini kukaphunzitsa a Njiri kumanga nyumba? Mukufuna ndibwerere kwathu mkeka uli pamutu?"

Adaganiza pang'ono, kenaka adapita kwa a Njiri. Adanjuta chapatali monga achitira mkamwini waulemu, n'kuwomba m'manja.

"Apongozi, ndakumbukira mawu anu aja munanena pa mowa wa kwa a Mbawala chaka chatha."

"Ndinanena zambiri tsiku lija."

"Munati mmisiri weniweni sasowa dothi. Ngakhale chogwa kumwamba amachiumba njerwa."

A Njiri za tsiku limenelo ankakumbukira mpaka pa chipanda chachiwiri basi. Koma mawuwo adawakomera m'khutu. "Ndinaterodi," adatero. "Nanga inu mwachedweranji kundikumbutsa? Tengani chikombole."

Likongwe adayamba kuumba. Ankatapa chipale, kuchitsendera m'chikombole, kugubuduza, njerwa yoyera mbee n'kutuluka. Poumbapo ankaimba nyimbo yodandaula kuti mkamwini adabwera ndi manja awiri koma pakamwa adasiya kwa amake, ndipo akazi ankamuvomera kuti angoumba, zoyankhula azisiyire eni mudzi. A Njiri ankagwedeza mutu motsatira nyimboyo, osadziwa kuti ikunena iwo.

Njerwa zitachuluka Likongwe adati, "Apongozi, bwanji tiyambe kumanga zikadali zolimba?"

"Kumanga ndi njerwa zaziwisi? Kwanu mumatero? Njerwa imayamba yauma. Kaziyanikeni pathanthwe apo, dzuwa latuluka."

"Koma apongozi, njerwa zimenezi zikaona dzuwa..."

"Ndayamba kuumba njerwa inu musanamere mchira."

Likongwe adatuta njerwa zonse, imodzi imodzi, n'kuziyala pathanthwe lakuda limene dzuwa linkawombapo bwino. Pofika masana njerwa zidayamba kuchepa. Dzuwa litapendeka pathanthwepo padangotsala madzi akuyenderera.

A Njiri adabwera, adanunkhiza, adapukusa mutu. "Mwachulutsa madzi poponda dothi, akamwini."

Mumtima Likongwe adakuwa kuti dothi lakelo ndi madzi okhaokha. Koma pakamwa padatuluka mawu akuti, "Zoona, apongozi." Tsiku loyamba lidapita choncho.

M'mawa mwake adaumbanso, zala zitachita dzanzi. Nyimbo ija adaiimbanso, koma tsopano inkafunsa kuti kodi pakamwa paja adasiya kwa amake pangatumizidwe ndi ndani, ndipo akazi ankavomera motsitsa mawu, poti nawonso zidayamba kuwakwana.

"Lero sitiyanika," adalengeza a Njiri.

Mtima wa Likongwe udakhala pansi. "Mwaganiza bwino, apongozi. Ndiyambe maziko?"

"Maziko a chiyani? Tiziwotcha. Mbumba ya Njiri sigona m'nyumba ya zidina ngati amphawi. Yalani uvuni."

Abale anga, kuwotcha chipale! Ngakhale mwana woyamwa akadaseka. Koma pamudzipo padalibe woseka, chifukwa nkhuni zimene zidalipo zidali mtolo umodzi uja wa a Nungu, umene ankasungira kuti adzatenthetsere madzi ndi kuwothetsa khanda.

A Nungu adaimika minga yawo yonse. "Achimwene, nkhuni izi ndi za mwana."

"Mwanayo akufuna nyumba ya njerwa zowotcha. Za uzamba ine sindilowerera, inunso za njerwa zisiyeni."

Likongwe adayesanso. "Apongozi, mwina tiyese kaye njerwa imodzi pamoto tione."

"Mukundiyesa ine kapena njerwa?"

Uvuni udayalidwa, nkhuni zidalowetsedwa kunsi, moto udayaka. Posakhalitsa kudamveka tsiii, tsiii, madontho akugwera pamakala.

"Zikudontha, apongozi."

"Ndi thukuta limenelo. Njerwa ikamapsa imatuluka thukuta. Sonkhezerani."

Likongwe adasonkhezera mpaka nsonga ya mchira wake idapserera, ndipo ndi yakuda mpaka lero. Nkhuni zitatha a Njiri adaponyamo mipini ya makasu. Mipini itatha adayang'ana uku ndi uku, n'kuponyamo chikombole chawo chomwe. Pamenepo uvuni wonse udangoti phwaa, kugwera pamoto, moto n'kuzimiratu. Padatsala chithaphwi chakuda ndi kautsi.

A Njiri adaima nthawi yaitali akuyang'ana. Kenaka adati, "Uvuni mwauyala mokhota, akamwini."

"Zoona, apongozi," adatero Likongwe.

Adapita kuseri kwa mwala kumene kudagona mkazi wake. Gwape adali atagwira m'chiuno, misozi ili m'maso.

"Nkhuni zatha, makasu alibe mipini, mawa mwera ukubwera," adatero Gwape. "Inu mukungoti zoona apongozi, zoona apongozi. Ulemu wanuwo ndi umene udzafunditse mwana?"

"Kuyankhula ndayesa kawiri, mwaona nokha."

"Ndiye kuwani! Atukwaneni ngati n'kotheka!"

"Ndikawatukwana andipirikitsa lero lomwe, ndipo mawa adzaumba okha n'kuyanikanso. Amalume anu mawu a munthu wina sawamva, amamva awo okha." Adasisita mchira wopsererawo. "Chabwino. Ndiwapatsa awo omwewo, adye akhute."

Asanachoke adanong'onezana ndi a Nungu, ndipo a Nungu adangogwedeza mutu.

Tsiku lachitatu kudacha kumwamba kuli bii. Likongwe adakanjutanso pamaso pa a Njiri n'kuwomba m'manja.

"Apongozi, wolakwa ndine."

"Mwachedwa kudziwa."

"Mawu anu aja a pa mowa ndinangokumbukira theka. Theka linalo landibwerera lero. Munati njerwa za kumalo ozizira sizipsa ndi nkhuni, zimapsa ndi mpweya wa m'kamwa. Uvuni wake umakhala wozungulira, wamphako m'kati, khomo lake laling'ono pansi. Anthu amalowa m'katimo n'kumapuma. Nkhuni zake ndife."

A Njiri adatong'ola maso. "Ndinanena zimenezo ine?"

"Pa chipanda chachitatu. A Mbawala mpaka anawomba m'manja."

"Ndiye inu kundilekerera ndiwotche chikombole changa, mawu anga muli nawo m'mutu! Mkamwini wanji woiwala chonchi? Nyamukani, yalani uvuni monga ndinanenera!"

Likongwe adanyamuka msanga kuti a Njiri asaone nkhope yake. Popeza chikombole chidapsa, adatenga chikwanje n'kupita pamene mphepo idatsendera chipale mpaka kulimba. Pamenepo ankangodula njerwa zikuluzikulu, akazi n'kumatuta. Adalemba bwalo pansi ndi phazi, adaimirira m'kati mwake, n'kuyamba kuyala. Mzere woyamba adausenga kuti ukhale wotsika mbali imodzi ndi wokwera mbali ina, kotero kuti mizere yotsatira inkangokwera mozungulira ngati chigoba cha nkhono. Njerwa iliyonse ankaipendeketsera m'kati pang'ono, n'kuitsamiritsa pa inzake.

A Njiri ankazungulira, manja kumbuyo.

"Ngodya zili kuti?"

"Munati ngodya zimataya mpweya, apongozi."

"Ndinatero. Nanga khomali likupendekeranji?"

"Munati uvuni woongoka ndi wa ophunzira."

"Eya. Pendeketsani kwambiri."

Nyimbo ija idamvekanso. Ulendo uno inkanena kuti mkamwini wopanda pakamwa wabwereka pakamwa pa mwini mudzi, ndipo akazi ankavomera mokweza kuti asabweze msanga. A Njiri adayamikira kuti anthu akugwira ntchito mokondwa.

Khoma lidakwera, lidapindikira m'kati, mpaka pamwamba padatsala kabowo. Likongwe adasema njerwa yomaliza, adaikweza ali m'kati, n'kuikhazika pakabowopo. Sidagwe. Adaboola kabowo kena kakang'ono chapambali kuti mpweya woipa uzitulukira, ndipo a Njiri atafunsa adawauza kuti n'kotulukira utsi. Akazi adamata ming'alu yonse ndi chipale monga amamatira uvuni ndi matope. Pomaliza adakumba khomo pansi, lalitali ndi lopapatiza, lolowa chokwawa.

Atangomaliza, mwera udafika. Udabwera ndi mluzu, ukuulutsa chipale m'maso.

"Nkhuni zilowe!" adalamula a Njiri.

A Nungu adalowetsa Gwape poyamba, akazi ena adatsatira, kenaka amuna.

"Inu simulowa, apongozi?" adafunsa Likongwe.

"Mudaona kuti mmisiri akulowa mu uvuni? Ine ndiyang'anira kunja."

M'katimo mluzu wa mphepo unkamveka ngati uli kutali. Pang'ono ndi pang'ono kudayamba kufunda. Khoma lidachita kachinyezi ndi mpweya wawo, kenaka kuzizira kwa kunja kudaumitsa kachinyeziko, njerwa zonse n'kugwirana kukhala chinthu chimodzi chosalala. Gwape adaleka kunjenjemera. Patapita nthawi adagwira dzanja la a Nungu mwamphamvu, ndipo a Nungu adayang'ana Likongwe n'kumutsinzinira diso.

Nthawi yomweyo kunja kudamveka go, go, go. A Njiri ankagogoda khoma ndi mano awo aja.

"Zapsa! Zalimba ngati mwala! Tulukani nonse, tipasule uvuni, timange nyumba yeniyeni ya ngodya zinayi!"

Ha! Munthu wotere umutani? Likongwe adakwawa kutuluka, amuna enawo a Nungu adawatulutsa pambuyo pake. Adapeza a Njiri ataloza kale mano pakhoma kuti aboole.

"Apongozi, dikirani! Akazi ali m'kati."

"Atuluke, akadikire kuseri kwa mwala. Nyumba siichedwa njerwa zikakhalapo."

"Mphepo iyi, apongozi? Ndi Gwape?"

"Mwayambanso kunditsutsa?"

Likongwe adanjuta pachipale pomwepo, mphepo ikumukankha. Mtima unkamuuza kuti awalumphire pakhosi. M'malo mwake adawomba m'manja.

"Kukutsutsani ayi. Kungoti munanena kuti mmisiri wa dzina sapasula uvuni asanagogode njerwa iliyonse payokha. Munati opasula atagogoda imodzi ndi aja nyumba zawo zimagwa, anthu n'kumaseka."

"Chipanda chachingati chimenecho?"

"Chachinayi."

A Njiri adapumira m'mwamba, koma adayamba. Go. "Yapsa." Go. "Yapsa." Likongwe ankawatsatira pambuyo.

"Iyo mwailumpha, apongozi."

"Sindinailumphe."

"Mwina ndi maso anga. Koma ikadzagwa nyumba, anthu sadzati ndi maso a mkamwini."

A Njiri adabwerera n'kuyambiranso. Adazungulira mzere woyamba, wachiwiri, wachitatu. Popeza mizereyo inkakwera mozungulira, sankadziwa pamene wina wathera ndi pamene wina wayambira, ndipo Likongwe adawasokoneza kawiri konse. Koma njerwa sizikhala zosatha. Adafika pamwamba, adagogoda yomaliza, adatsika.

"Zonse zapsa. Patukani."

Likongwe adaima pakati pa a Njiri ndi khoma. Nzeru zidamuthera. Adatsegula pakamwa kuti anene za chipanda chachisanu, koma sadapeze choti aikemo. A Njiri adaweramitsa mutu, adapalasa pansi ndi phazi.

Pamenepo m'kati mudamveka kulira kwa khanda, kenaka nthungululu.

A Nungu adasuzumira pakhomo, minga ili njo. "Kwabadwa mwana wamkazi. Muno tsopano ndi m'chikuta. Mwamuna amene akhudze khoma ili mchombo wa mwana usanagwe, adzandiuze kumene adaphunzira mwambo."

Mawu amenewa sadafunike kuwanamizira pa mowa wa a Mbawala. A Njiri ankaudziwa okha mwambowo, kuti m'nyumba mobadwira mwana mwamuna sayandikira mpaka mwanayo atatulutsidwa. Adabwerera m'mbuyo masitepe atatu. Likongwe adangokhala pansi n'kulira, osasamala kuti apongozi akumuona.

Tsono amuna onse adatsala panja, mwera ukuwakwapula. Likongwe atapukuta misozi adatola chikwanje chake n'kuyamba kudula njerwa zina. Adalemba kabwalo kakang'ono pansi, kokwana iye ndi amuna enawo, amene adali ochepa thupi ngati iye yemwe.

A Njiri adaima potero, ndevu zitauma ndi chisanu, mano akugundana. Adatsokomola. Palibe amene adacheuka. Adatsokomolanso.

"Akamwini."

"Wawa, apongozi."

"Ndaganiza kuti tiwotche njerwa zina. Zija sizikwana nyumba."

"Mwaganiza bwino. Ndi zimene ndikuyalazi."

"Uvuni wakewo wachepa. Ukulitseni. Uno ndikufuna ndiuyang'anire cham'kati."

"Ndikadakonda, apongozi, koma msana wandithyoka masiku atatu ano. Uvuni waukulu ufuna njerwa zazikulu, wozisenza ndilibe."

A Njiri adayang'ana kumwamba, adayang'ana pansi. Kenaka mmisiri wotchuka dera lonse adawerama, mkamwini n'kumusenzetsa njerwa pamsana. Adatuta ulendo ndi ulendo. Likongwe ankangoti iyi ikani apa, iyo mwaikhotetsa, bwererani mukatenge ina. Nyimbo ija adaiimba komaliza, yonena kuti pakamwa paja pafika tsopano kuchokera kwa amake, ndipo akazi adavomera ali m'chikuta, akuseka.

Uvuni wachiwiri utatha, Likongwe adakumba khomo lotsika kuposa loyamba lija. Adalowa iye poyamba, n'kukhala moyang'anana ndi khomolo, miyendo atapinda ngati mfumu pa bwalo. Amuna ena adalowa. A Njiri adafika pakhomo, adasuzumira, ndipo adaona kuti polowa ayenera kugwada ndi kukwawa, mphuno ili pansi, molunjika kumapazi a mkamwini.

"Lowani, apongozi, mphepo ikulowa."

A Njiri adaima. Mwera udawakwapula kumsana. Adaimabe. Kenaka adatembenuka, adaloza mchira kukhomo, n'kulowa chambuyo.

Adakhala m'mauvuni awiriwo mpaka chisanu chidatha. Mchombo utagwa a Njiri adayambanso za kupasula, koma akazi adati mwana akadali wanthete, ndipo eni akewo sadaumirire kwenikweni, poti kufundako kudawakomera. Dzuwa litayamba kutentha makoma adayamba kudontha, ndipo tsiku lina m'mawa onse awiri adagwa n'kusanduka madzi. Pamenepo n'kuti kumunsi madzi ataphwa, nyama zikumanga katundu kuti zitsike.

A Njiri adazungulira chithaphwicho, adanunkhiza, adapukusa mutu.

"Mudazipsereza njerwa zanga, akamwini. Mumapuma kwambiri."

Likongwe adali atakhala pamwala, mwana wake ali pamiyendo, wonenepa, akumukoka mchira wopserera uja. Adayang'ana mwanayo, adayang'ana a Njiri.

"Zoona, apongozi," adatero, ndipo ulendo uno mawuwo sadamuwawe pakhosi.

Mukadzaona njiri ikulowa kuuna kwake, mudzayang'anitsitse. Mpaka lero imalowa chambuyo, kuopa kuti mwina m'katimo mwakhala mkamwini. Nthano yanga yasungunukira pomwepa, wofuna ina akaumbe yake.